Tisanaboole pansi pa nyanja, aphungu akonze kaye lamulo la 1983

Akonzi,

Mizere ya galimoto ikangotalika pa malo omwetsera mafuta muno mu Mzuzu, nkhani ya mafuta a pansi pa nyanja ya Malawi imayambiranso. Anthu amati tikadakumba athu si bwenzi tikugona pamzere. Koma mafuta ochokera pansi sathiridwa m'galimoto asanayengedwe, ndipo dziko lino lilibe fakitale yoyengera. Za pamzere ndi nkhani ya ndalama zakunja komanso nkhokwe ngati ija ya kampani ya boma ya mafuta ya NOCMA ku Sonda, yosunga malita 10 miliyoni. Funso la kunyanja ndi lina: ndani adzayang'anira okumbawo, ndipo adzatsata lamulo liti?

Lamulo loyendetsa kufufuza ndi kukumba mafuta m'dziko muno ndi la 1983. MERA, imene ambiri timaidziwa, imaona za mitengo, kuitanitsa ndi kugulitsa mafuta oyengedwa kale. Za zitsime zili m'manja mwa nduna ndi akuluakulu a mu unduna, kutanthauza kuti yemwe akukopa makampani kuti abwere ndi yemwenso ayenera kuwaletsa akalakwa. Zotsatira zake tidaziona. Dziko lidagawidwa zigawo zisanu ndi chimodzi. Mu 2011 kampani ya Surestream idapatsidwa zigawo 2 ndi 3, zomwe ndi nyanja ya kuno kumpoto, ndipo chaka chotsatira mkangano wa malire ndi Tanzania udabukanso. Mapangano ena ogawana mafuta adasainidwa mu Meyi 2014, kutatsala masiku ochepa kuti anthu aponye voti, ndipo mu Novembala chaka chomwecho boma latsopano lidaimitsa ntchito yonse kuti liunikenso ziphaso.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chitsime chenichenicho. Poboola, amathira matope olemera m'dzenje kuti apanikize mafuta ndi gasi zisakwere. Akatsika mtunda wina amalowetsa mapaipi achitsulo n'kuthira simenti pakati pa paipi ndi thanthwe. Pakamwa pa chitsime amaikapo chipangizo chotchedwa blowout preventer, chomwe chimatha kudula paipi n'kutseka chitsime zinthu zikavuta. Ngozi imabwera matope akapepuka, simenti ikasiya mipata, kapena chotsekeracho chikakana kugwira ntchito. Ku Gulf of Mexico mu 2010 simenti idalephera, chotsekera chidalepheranso, anthu 11 adafa ndipo mafuta adatayika masiku 87. Kumeneko ndi ku America, komwe zombo ndi akatswiri zidali pafupi.

Chitsime chikaphulika motere, njira yotsiriza ndi kuboola chachiwiri chopendekeka kuti chikakumane ndi choyambacho pansi, n'kuthiramo matope ndi simenti. Izi zimafuna makina oboolera achiwiri. Nyanja yathu chombo chochokera kunyanja yamchere sichingalowemo. Makina otere angabwere ali zidutswazidutswa pa malole kudzera ku Songwe kapena pa sitima ya pamtunda, n'kudzalumikizidwa kuno, ntchito ya miyezi yambiri mafuta ali kutayika. Choncho lamulo linene mosapita m'mbali kuti palibe kuboola m'madzi pokhapokha makina achiwiri ali kale pa nyanja. Kampani ikati zimenezi n'zodula, ndiye kuti mafutawo sadakhwime.

Tikumbukenso kuti nyanjayi si yamasewera. Kumpoto kwa Nkhata Bay imazama pafupifupi mamita 700. Madzi ake amatulukira mu Shire mokha, ndipo ambiri amangouma ndi dzuwa, kotero chimene chalowamo chimakhalamo mibadwomibadwo. Zotchingira zoyandama zomwe amazinga nazo mafuta otayika zimagwira pa madzi abata. Mwera ukayamba mu Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amangolumphitsa mafutawo pamwamba pake. Mankhwala omwaza mafuta sachotsa kanthu, amangowamiza, pomwe anthu a ku Karonga amamwa madzi a m'nyanja momwemo ndipo usipa wa ku Zigwagwa umachokera momwemo. Pansi pake pamagwedezekanso: zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 sitidaziiwale.

Lipoti la zachilengedwe limene bungwe loteteza chilengedwe la MEPA limavomereza motsata lamulo la 2017 ndi chiyambi chabe. Pafunika oyendera a boma odziwa kuwerenga zotsatira za kuyesa simenti, oonerera okha chotsekera chikuyesedwa, komanso okhala ndi mphamvu yoimitsa ntchito tsiku lomwelo osadikira kalata yochokera ku Capital Hill. Woyendera amene wakwera boti la kampani, kudya chakampani n'kulandira alawansi yakampani sangaimitse kanthu. Kampani isungitsenso chikole kubanki isanayambe, chokwanira kutseka chitsime, kuyeretsa ndi kulipira asodzi. Makampani ofufuza ambiri ndi aang'ono, ndipo amagulitsana ziphaso. Zikavuta amangoti tagwa, n'kulongedza.

Pa ndalama chenjezo ndi limodzi. M'mapangano ogawana mafuta, kampani imayamba yadzibwezera zomwe idawononga, kenaka zotsalazo ndiye mugawane. Ngati palibe malire a zomwe ingadzibwezere pa chaka, ndipo MRA ilibe anthu otha kufufuza malisiti ochokera ku makampani achibale akunja, boma lidzadikira phindu mpaka chitsime kuuma. Ku mgodi wa uranium wa Kayelekera msonkho wa pa miyala udatsitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zoyambirira, kudzera m'pangano lomwe anthu sadaloledwe kuliona nthawi imeneyo. Malawi adalowa mu EITI, mgwirizano wa maiko woti za ndalama za migodi ndi mafuta zizikhala poyera, mu 2015, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho palibenso chifukwa chobisira pangano lililonse.

Ndikupempha aphungu a ku Karonga, Rumphi, Nkhata Bay ndi Likoma afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti ziphaso za zigawo 2 ndi 3 zili ndi ndani lero, zidzatha liti, ndipo bilu yolowa m'malo mwa lamulo la 1983 idzabwera liti. Mayankhowo asanaperekedwe, boma lisasaine chiphaso china.

Wowerenga wanu,
Katoto, Mzuzu