Galimoto ya gasi ndi petulo ndili nayo, koma kwathu inandiimika pa mzere

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yatenga malo m'magulu a WhatsApp a madalaivala ndi amakaniko kumudzi. Mafuta akangosowa m'Malawi, wina amatumiza kanema wa galimoto ikumwa gasi ku Tanzania kapena ku Nigeria, n'kufunsa kuti kodi ife tikudikira chiyani. Ine galimoto yotereyi ndili nayo. Ndimayendetsa takisi kuno ku Dar es Salaam, kwathu ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo galimoto imeneyi ndi yomwe ikulipirira ana anga fizi. Ndikufuna abale anga amve zokoma zake ndi zowawa zomwe, asanagulitse mbuzi kuti akasinthe injini.

Yanga ndi Toyota IST, yofanana ndi zomwe zadzaza m'misewu ya kuno. Ndinaisinthitsa mu 2023, petulo atadutsa mashilingi 3,000 pa lita pomwe gasi anali pa mashilingi 1,550 pa kilogalamu. Kilogalamu imodzi ya gasi imakufikitsa patali kuposa lita imodzi ya petulo, choncho ndalama zomwe ndinkasiya pa pampu tsiku lililonse zinatsika kupitirira theka. Ntchito yosinthayo inandidyera pafupifupi mashilingi 2 miliyoni, ndalama yomwe ndinachita kukongola, koma inabwerera chaka chisanathe. Thanki ya petulo sanachotse ayi. Anangowonjezera silinda yachitsulo chochindikala m'buti, mapaipi ake, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi asanalowe mu injini, ndi kabatani pafupi ndi chiwongolero. M'mawa galimoto imalira ndi petulo. Injini ikatentha mumangomva kaphokoso kakang'ono, nyali ya pa kabatani ija n'kusintha, basi mwayamba kuyendera gasi. Gasi akatha muli pa msewu, imabwerera yokha ku petulo, pasinjala osadziwa n'komwe kuti china chasintha.

Zovuta zilipo. Buti yonse pafupifupi inapita ndi silinda, moti munthu wochokera ku bwalo la ndege ndi masutikesi awiri ndimachita kumupepesa. Pa chitunda galimoto imalemera pang'ono. Malo omwetsera gasi ndi ochepa poyerekeza ndi magalimoto ndi mabajaji (njinga zamoto za matayala atatu zonyamula anthu) omwe asinthidwa, ndipo ine ndakhalapo pa mzere maola atatu, usiku, kudikira pampu imodzi. Komabe ndimabwereranso, chifukwa masamu ake amatuluka.

Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi ulendo womwe ndinayenda kumapeto kwa 2024, ndikupita ku maliro a malume anga. Ndinadzadzitsa silinda m'bandakucha, makilogalamu pafupifupi khumi. Ndisanafike n'komwe m'tauni ya Morogoro, makilomita osakwana 200 kuchokera ku Dar es Salaam, kanyali kaja kanafiira, kusonyeza kuti gasi watha. Kuyambira pamenepo, kudutsa Mikumi, kukwera phiri la Kitonga, Iringa, Makambako, Uyole, mpaka pa chipata cha Songwe, sindinapeze paliponse pomwetsera gasi. Ndinayenda ndi petulo njira yonse, chitsulo chopanda kanthu chikungondilemera kumbuyo. Ndinakwera nacho Chiweta, ndinatsika nacho ku Nkhata Bay. Pofika ku Dwangwa thanki inali itatsala pang'ono kuuma, ndipo nthawi imeneyo n'kuti mafuta atasowa dziko lonse. Maliro atatha ndinakagona pa mzere masiku awiri, pakati pa minibasi ndi anyamata a kabaza, ena atanyamula zigubu.

Pa mzerepo ndinatsekula buti kuti nditenge madzi akumwa, anthu n'kuunjikana kudzaona silinda. Mnyamata wina wa ovololo yothimbirira ndi oilo, yemwe amakonza magalimoto pansi pa mtengo chapafupi pomwepo, anaigwiragwira, n'kutsata mapaipi ndi chala mpaka ku injini. Anali wochenjera, ndipo mafunso ake anali a munthu wodziwa ntchito. Kenako anandikokera pambali.

“Achimwene, nanga nditatenga silinda yophikira ija, n'kuimangirira bwinobwino ndi mabawuti, singagwire? Ndili ndi makasitomala atatu akundivutitsa.”

Mtima wanga unagunda, chifukwa ndinaona kuti sakucheza. Ndinamukhazika pa bampala n'kumufotokozera zomwe ndikufuna aliyense wowerenga kalata ino amvetse. Gasi wophikira, uja wa LPG, ndi wina, ndipo gasi wachilengedwe wa m'galimoto yanga, CNG, ndi winanso. Wophikira amakhala ngati madzi m'silinda, ndipo mphamvu yomwe amakankhira chitsulo nthawi zambiri siifika mabar 10 n'komwe (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhayi). Wa m'galimoto yanga amapanikizidwa mpaka mabar 200. Mukathira gasi wotereyu mu silinda yophikira, kapena mu silinda yowotcherera pa galaja, mwapanga bomba. Ku Benin City m'dziko la Nigeria, mu October 2024, galimoto inaphulika pa malo omwetsera gasi n'kuvulaza anthu, ndipo akuluakulu a kumeneko anati silinda yake inali yochita kupanga mwachinyengo. Magalimoto oyendera gasi wophikira aliko m'maiko ena, koma ali ndi thanki yawoyawo yopangidwira pa msewu, yokhala ndi mavalavu otseka okha pa ngozi. Silinda ya kukhitchini ilibe zimenezo. Komanso gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya womwe timapuma. Akamadontha sauluka, amadikha pansi m'buti kudikira kamoto kamodzi, mwina ka ndudu ya pasinjala. Tangoganizani minibasi ya anthu 16 pa msewu wa M5, silinda ili pansi pa mpando wakumbuyo pomwe pakhala mayi ndi mwana kumsana.

Tsono funso la abale anga lija, lakuti ife tikudikira chiyani, yankho lake ndinaliona pa Morogoro pomwe kanyali kanafiira. Galimoto yanga ndi yotchipa chifukwa cha zomwe zili pansi pa nthaka ya Tanzania. Dziko lino lili ndi gasi wake ku Songo Songo ndi ku Mnazi Bay. Paipi yochokera ku Songo Songo inayamba kubweretsa gasi ku Dar es Salaam mu 2004, ndipo ina yaikulu, ya makilomita oposa 500 kuchokera ku Mtwara, inatsegulidwa mu 2015. Ku Mozambique nakonso mabasi ndi magalimoto ena a ku Maputo ndi ku Matola amayendera gasi chifukwa paipi yochokera ku Pande ndi Temane, yopita ku Secunda m'dziko la South Africa, ili ndi nthambi yofika kumeneko. Komwe kuli paipi, gasi ndi wotchipa. Ife tilibe chitsime cha gasi chomwe chikupopedwa, ndipo palibe paipi yolowa m'dziko mwathu. Kuti gasi afike ku Lilongwe ayenera kubwera pa thiraki, m'masilinda olemera kwambiri kuposa gasi yemwe ali m'katimo, kudzera njira yomweyo ya Songwe, ndipo tidzamugula ndi ndalama zakunja zomwezo zomwe zikutisowa pogula petulo. Dola ikasowa, mapampu onse awiri adzauma tsiku limodzi.

Ngakhale eni gasi amene zinawavutapo. Dziko la Pakistan linalimbikitsa anthu kusintha magalimoto mpaka linafika pa magalimoto pafupifupi 3 miliyoni oyendera gasi cha m'ma 2012. Gasiyo anayamba kuperewera, chifukwa mafakitale, makampani a magetsi ndi amayi ophika m'nyumba ankafunanso yemweyo, ndipo boma linayamba kutseka malo omwetsera masiku angapo pa sabata, makamaka nyengo yozizira. Anthu omwe anakongola ndalama kuti asinthe magalimoto anabwerera ku petulo, ngongole ili pakhosi.

Sindikunena kuti ganizo la galimoto ya mafuta awiri n'loipa. Ndi labwino kwambiri, ndipo palibe dziko lomwe likulifuna kuposa lathu. Koma mafuta achiwiriwo akhale ochokera pakhomo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Masiku awiri aja ndili pa mzere, mphepo inkabweretsa fungo la molasses, zotsalira za nzimbe popanga shuga, kuchokera ku fakitale, fungo lomwe ndinakula nalo. Pa Dwangwa pomwepo kampani ya Ethco yakhala ikupanga ethanol, mafuta ochokera ku molasses, kuyambira 1982, ndipo ku Chikwawa PressCane inayamba mu 2004. Kwa zaka zoposa 40 takhala tikuphatikiza ethanol wathu mu petulo, maiko ambiri a mu Africa asanaganizeko n'komwe. Cha m'ma 2006 ndi 2007 boma linayeserapo kuyendetsa galimoto ndi ethanol, pomwe Mitsubishi Pajero inasinthidwa ku Lilongwe Technical College, ndipo kunabweranso Ford EcoSport yochokera ku Brazil yomwe imamwa petulo, ethanol kapena zosakaniza. Ku Brazil magalimoto amtunduwu anayamba kugulitsidwa mu 2003, ndipo lero ambiri mwa magalimoto atsopano kumeneko ndi otero. Dalaivala amafika pa pampu, n'kuyang'ana mitengo iwiri, n'kusankha. Safuna silinda m'buti, thanki ndi imodzi yomweyo.

Ndikudziwa kuti ethanol wathu sakwana. Molasses ndi wochepa, ndipo mafakitale awiriwa sapanga kufika pomwe makina awo angathe. Nzimbe zimafuna malo ndi madzi, ndipo ife a ku Nkhotakota tikudziwa mikangano ya minda yomwe nzimbe zabweretsa m'midzi ina, choncho nkhani yowonjezera minda iyenera kuyendetsedwa mosamala, eni nthaka akhale patsogolo. Komabe limeneli ndi vuto lomwe tingalithetse ndi makasu athu, ndi alimi athu, ndipo malipiro ake ndi a makwacha. Ndalama yomwe wina angaononge pomanga malo omwetsera gasi wobwera pa thiraki ingachite zambiri itapita ku mipope yothirira nzimbe za alimi ang'onoang'ono.

Pempho langa kwa a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, a Malawi Bureau of Standards ndi a Road Traffic ndi lakuti asadikire maliro. Magalimoto osinthidwa kale adzalowa ndithu kudzera pa Songwe, ena ogulidwa kwa madalaivala ngati ine, silinda zake zitatopa. Silinda iliyonse ili ndi chaka chomwe inapangidwa ndi chaka chothera ntchito, zodindidwa pa chitsulo pomwepo, ndipo imayenera kuyezedwa pakapita zaka zingapo. Woyeza galimoto popereka COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, aphunzitsidwe kuwerenga zimenezi. Anthu auzidwe pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kuti silinda yophikira siikidwa m'galimoto. Ndipo masukulu a ntchito zamanja ayambe kuphunzitsa anyamata athu za injini za mafuta awiri, za gasi ndi za ethanol zomwe, monga amachitira a Dar es Salaam Institute of Technology kuno.

Mnyamata wa ovololo uja anandipatsa nambala yake. Mwezi watha anandiimbira kuti makasitomala ake atatu aja anawakaniza, ndipo mmodzi anapsa mtima n'kunena kuti akapeza makaniko wina wosaopa. Sindikudziwa kuti makaniko winayo ali pansi pa mtengo uti, komanso kuti galimotoyo ikunyamula ana a yani.

Ndine wanu,
Dalaivala wa takisi wochokera ku Dwangwa,
Dar es Salaam