Za lipoti la mnyamata wako ndi nkhani ya foni ija

Aise,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joni ko. Kuno ku Dedza June wafika ndi ukali wake, ana akumalowa m'kalasi manja ali m'khwapa, cholembera kuchita kukanika kugwira mpaka dzuwa litakwera. Uthenga wako pa WhatsApp wonena kuti ukufuna kumutumizira foni mnyamata wako ndinaumva, ndipo lipoti la mnyamata agogo ake anandionetsa Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Usakwiye, koma nambala 4 yomwe ukuvinirayo ine sinandisangalatse ayi.

Nambala 4 imangotiuza kuti waposa anzake a m'kalasi mwakemo basi, ndipo pa CDSS, sekondale yoyendera ngati yathuyi, mwana atha kukhala nambala 1 kumene koma ku MSCE n'kubwerako ndi mapointi 30 ndi chakuti. A MANEB safunsa kuti unali nambala chani kwanu. Iwe unasiyira pa JC ndiye ndikukumbutse, kuja zinali A, B, C, D ndi F, koma kuyambira Fomu 3 timagwiritsa manambala 1 mpaka 9 ndipo nambala ikachepa ndiye kukhoza. 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa chabe, 9 ndiye walakwa. Kenako amatenga maphunziro 6 omwe wakhoza bwino n'kuphatikiza, ndiye mapointi aja anthu amafunsana, wa mapointi 6 ndiye katswiri wotheratu.

Tsono taona za mwana wakoyu. Chichewa 3, Agriculture 4, Geography 5, Biology 6, Masamu 7, Chingerezi 8, Physics 9. Ukaphatikiza zisanu ndi chimodzi zabwinozo ndi 33. Satifiketi atha kuitenga inde, koma yunivesite yomwe umaikamba daily ija imafuna makirediti 6 ndipo Chingerezi chikhale momwemo, iye ali nawo 4. Chomwe chikundiopsa kwambiri ndi 8 wa Chingereziyo chifukwa akangotsetsereka pang'ono kufika pa 9 satifiketi palibe, olo zinazo atakhoza bwanji. Mutu ali nawo mwanayu, ndinamuphunzitsako ku Fomu 2, koma chimangirizo amalemba ngati akuthamangitsidwa ndipo mabuku a literature sawerenga, amadalira manotsi a anzake.

Ndiye pali mzere wa m'munsi uja iwe sunauwerenge, pomwe afomu ticha analemba kuti amajomba. Ndafufuza, ndi zoona. Tsiku la msika sapezeka, akuti amakathandiza kukweza matumba a kachewere m'malole, ndalama yake n'kukathera pa pool. Agogo akuganiza kuti ali ku sukulu poti amachoka m'mawa atavala yunifolomu bwinobwino.

Malamulo pano sali ngati nthawi yathu ija ya chikwapu, kumenya mwana kunaletsedwa ndipo ine ndikuti bola, ena aja ankangotimenyera mkwiyo wa kunyumba kwawo. Koma usaganize kuti ndiye kwatayirira. Belu ikalira uli panja ukatchetcha kapena kukolopa, shati yosapisira akubweza pa geti, kulongolola mphunzitsi ali kutsogolo prifekiti akulemba dzina. Zikuluzikulu monga mowa, chamba, ndewu ndi kutukwana mphunzitsi zimapita ku komiti ya disipulini, amaitana kholo, kenako saspenshoni kapena kuchotsedwa kumene. Kujomba kukapitirira nakonso kumafika komweko, ndipo ukuganiza adzakhale pa benchi kwa ahedi ndi ndani, si agogo omwewa ndi miyendo yawo yovuta ija?

Pamene ndimakangana ndi anzanga mu stafu ndi pa panishimenti ya nthawi ya kalasi. Mwana wachedwa mphindi 10, mwamupatsa chikwakwa, piriyodi ya Masamu yonse yamudutsa ali kuseri kwa zimbudzi, mawa muzidabwa kuti wapeza 9. Ine ndimawauza agwire akaweruka, ena amati ndimalekerera ana, kaya.

Za foni ndiye ndikupemphe, usatumize kaye. Pasukulu siloledwa, akamugwira nayo imalandidwa n'kukatsekeredwa mu kabati ya ahedi mpaka kholo libwere, ndipo nthawi ya mayeso ndiye mlandu weniweni, chimodzimodzi likasa. Ukukumbuka 2020 mayeso a MSCE atabedwa boma linawathetsa ana n'kulembanso January 2021, anthu sanaiwale ndipo amasecha zedi polowa. Ukafuna kulankhula naye uziimba pa ya agogo madzulo, kapena yangayi.

Ndalama ya foniyo ugawe chonchi, juzi ya yunifolomu chifukwa yomwe ali nayo yang'ambika m'zigongono, dikishonale, tochi ya sola yowerengera usiku, ndi mapepala a mayeso akale ndimupangitsira fotokope pa boma. Ine ndizimutenga Lachiwiri ndi Lachinayi tikaweruka pa Chingerezicho, usandilipire, udzangondigulira nsapato pobwera December, saizi 8.

Umuimbire Loweruka lino koma usayambe ndi kukalipa, mufunse kaye yekha za tsiku la msika uone ngati anene zoona. Undiuze zomwe akuyankhe ndisanakumane naye Lolemba.

Moni kwa alamu.

Ndine mnzako uja wa pa Dedza