Olemba anthu ntchito, tiyankheniko ngakhale pokana

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Ine ndine mayi wa ku Limbe, ndili ndi kashopu kojambula mapepala, kutayipa makalata ndi kutumizira anthu maimelo. Makasitomala anga ambiri ndi achinyamata osaka ntchito, ndiye zimene ndilembe panozi si zongomva ayi, zimadutsa m'manja mwanga tsiku lililonse. Dandaulo langa likupita kwa mabwana olemba anthu ntchito m'makampani, m'mabungwe ndi m'boma momwe, komanso kwa maejenti amene amati amapezera anthu ntchito. Mumalengeza nokha kuti pali malo, anthu n'kulembera, ena mpaka mumawaitana ku intavyu. Nanga n'chifukwa chiyani pambuyo pake mumangoti duu, osayankha ngakhale liwu limodzi?

Mwina mabwanawa sadziwa mtengo wa kalata imodzi yofunsira ntchito, ndiye ndiwauze ine amene ndimalandira ndalamazo. Mwana amabwera ndi nyuzipepala yobwereka, kapena chithunzi cha chilengezo pafoni ya mnzake. Timutayipire kalata, tikonze CV kuti igwirizane ndi ntchitoyo, tijambule satifiketi ya MSCE, dipuloma, chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri, ndi makalata a umboni ochokera komwe anagwirako. Olemba ntchito ambiri amafuna mapepala odindidwa, ndiye akachoka kwa ine ayenera kupita kwa loya kapena kukhoti kukadinditsa. Ena amafunanso kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu sanapalamulepo, ndi tizithunzi tiwiri ta nkhope. Kenako envelopu, kenako minibasi yopita ku Ginnery Corner kapena ku Makata kukasiya kwa mlonda pageti, apo ayi ndalama yotumizira ku Lilongwe. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pepala ndi inki zinakwera moti ine ndemwe ndimachita manyazi potchula mtengo. Ndalama zonsezi zimachokera kwa mayi wogulitsa tomato, kwa achimwene a kabaza, kapena ku banki m'khonde komwe chiwongoladzanja sichidikira kuti munthu ayambe ntchito.

Wina anganene kuti ine ndizingosangalala popeza ulova wa anawa ndi umene ukundidyetsa. Ayi ndithu. Ndalama ya mwana amene wabweranso kudzajambulitsa mapepala omwe aja nkhope itagwa siikoma. Nanenso ndine kholo.

Ndifotokoze za mtsikana wina wa ku Bangwe, wa dipuloma ya zowerengera ndalama. Kampani ina ya ku Lilongwe inamuimbira masana kuti mawa lake 8 koloko akapezeke ku intavyu. Anakongola ndalama, anabwereka jekete kwa mnzake, n'kukwera basi ya usiku. Anasukusula pampopi wa kudepoti, nsapato anapukuta ndi mpango, n'kukafika nthawi yake. Pobwera anadzera kwa ine akumwetulira, akuti mafunso onse anayankha ndipo abwana anamuuza kuti, "Tikuimbirani pakatha sabata ziwiri."

Kuyambira pamenepo foni siinachokenso m'manja mwake. Magetsi akazima kwawo ankabwera kudzatchaja kwa ine popeza ndili ndi sola, n'kukhala pabenchi foniyo ili pamwendo. Ikalira nambala yachilendo ankadzambatuka, n'kutuluka panja pomwe palibe phokoso la makina, n'kuyankha ndi Chingerezi chaulemu, koma amene waimbayo n'kukhala munthu wolakwitsa nambala. Mwini golosale ina yopikulitsa anamuitana kuti azikamulembera mabuku a malonda, iye anapempha kuti amudikire pang'ono poopa kuyamba lero n'kusiya mawa, ndipo malowo anapatsa wina. Sabata ziwiri zija zitadutsa anaimba yekha kukampani kuja. Mlembi anati abwana ali pamsonkhano. Anaimbanso, anamuuza kuti atumize imelo. Tinatumiza pakompyuta yanga, yankho silinabwere. Patapita miyezi anamva kwa mnzake wa kusukulu kuti pamalo paja munthu anayamba ntchito mwezi womwe uja wa intavyu.

Mabwana, mtsikana ameneyu simunamulakwire posamulemba ntchito. Malo anali amodzi, ndipo mwina amene munamutengayo anamuposadi. Munamulakwira pomusiya akudikira chinthu chimene inu munkadziwa kuti chinatha kale. Akanamva "pepani, tatenga wina" akanalira tsiku limodzi, mawa lake n'kukayamba kugolosale kuja.

Ndikudziwa chimene muyankhe, mudzati makalata amachuluka. Pamenepo sindikutsutsani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka anali ana osakwana zaka 18. Ana amenewo ndi amene akula tsopano, satifiketi kumanja. Sitinaiwale zimene zinachitika mu 2020 pasukulu ya sekondale ya Katoto ku Mzuzu, pomwe anthu oposa 100 anavulala popondana chifukwa chothamangira intavyu ya ntchito za alangizi a zaumoyo. Ndiye n'zoona, malo amodzi akhoza kulandira makalata odzaza katoni. N'chifukwa chake zilengezo zambiri zimathera ndi mawu aja akuti okhawo osankhidwa ndiwo adzayankhidwe.

Koma taonani. Makampani omwewa akafuna kutiuza za malonda atsopano, meseji imafika pafoni ya munthu aliyense m'mawa umodzi. Akafuna kutikumbutsa ngongole, sasowa nambala yathu. Luso lotumiza uthenga umodzi kwa anthu ambirimbiri lilipo kale m'maofesi mwanu, ndipo wofunsira ntchito aliyense amalemba nambala yake pamwamba pa kalata. Chimene chikusowa ndi munthu wouzidwa kuti imeneyi ndi ntchito yake. Ngati meseji yakanika, bwererani m'nyuzipepala momwe munalengeza muja mulembe mizere iwiri kuti malo akutiakuti tapeza munthu, tathokoza onse amene analembera. Ndipo za kuchuluka kwa makalatazo sizikhudza anthu amene munawaitana ku intavyu. Amenewo amakhala ochepa, munawaona nkhope, munawafunsa za makolo awo ndi za malipiro amene akufuna. Kukhala chete kwa anthu otere si kutanganidwa, ndi kupeputsa mnzako chifukwa ukudziwa kuti alibe kolowera.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti kusayankha kwanuku kwatsegulira akuba chitseko. Mwana amene walembera malo ambirimbiri osamvako kanthu, tsiku lina amaona uthenga pa WhatsApp kapena pa Facebook wakuti kukufunika anthu msangamsanga. Akangolemba, yankho limabwera nthawi yomweyo, ndiponso mwaulemu. Amamutchula dzina, kumuyamikira kuti CV yake ndi yabwino, kenako n'kumuuza kuti atumize pafoni ndalama ya fomu. Mawa lake ya kuchipatala, mkuja ya yunifolomu. Ine ndimawachenjeza kuti wolemba ntchito weniweni salipiritsa, koma mnyamata wina anandiyankha mawu amene anandisowetsa chonena: "Mayi, koma awa ndi okhawo amene andiyankhapo."

Maejenti ena ali ndi maofesi enieni, kachipinda kapamwamba m'tauni muno, tebulo, mipando iwiri ndi buku lolembamo maina. Amalandira ndalama yolembetsera, kupereka lisiti, n'kunena kuti malo akapezeka tikuitanani. Ukapitako amati bwerani mwezi wamawa. Ukapitanso upeza foni yawo siikupezeka, pachitseko pali loko, ndipo oyandikana nawo akuti anasamuka. Sindikunena kuti maejenti onse ndi otere. Alipo oona mtima amene amalipidwa ndi kampani yofuna antchito, osati ndi lova. Vuto ndi lakuti mwana wa ku Ndirande kapena ku Chigumula alibe njira yosiyanitsira.

Nkhaniyi yakula kwambiri tsopano chifukwa cha ntchito za kunja. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka pandege kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, ndipo sabata zotsatira kashopu kanga kanadzaza ndi anthu ojambulitsa mapasipoti. Aliyense anali ndi nambala ya "munthu wina" amene akulemba maina. Angapo mwa iwo anagulitsa katundu wa m'nyumba kuti apeze pasipoti ndi kulipira munthuyo, mpaka lero ali konkuno ndipo nambala ija inazima. Amenewa bola, anangotaya ndalama. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anachita kupulumutsidwa ku Oman, komwe anapita atalonjezedwa ntchito zabwino n'kukapeza ukapolo wa m'nyumba, mapasipoti atalandidwa. Ejenti amene amayankha mokoma munthu asanakwere ndege, zikavuta kumeneko sayankhanso.

Palinso nkhani ya mapepala enieniwo. Kodi mukatha nawo mumapita nawo kuti? Tsiku lina ndinagula usipa mumsika wa Limbe, wogulitsa anandikulungira m'pepala. Nditafika kunyumba ndinaona kuti ndi kalata yofunsira ntchito ya mnyamata wina, yolembedwa pamanja mosamala kwambiri, dzina, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya foni, zonse zili poyera, pakona pali chiboo cha sitepula pomwe panali satifiketi. Ndinadzifunsa kuti kope ya chiphaso chake cha unzika ili m'manja mwa yani. Masiku ano chiphaso chimenecho n'chimene timalembetsera nambala za foni ndi kutsegulira maakaunti, ndiye wakuba akachipeza akhoza kuchita nacho zambiri m'dzina la mwini wake. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Ndikupempha kuti lamulolo lifikenso m'makatoni a makalata ofunsira ntchito. Njira yapafupi ndi yakuti poyamba muzingofuna kalata ndi CV basi. Masatifiketi odindidwa, kalata ya kupolisi ndi chiphaso muzifunsa okhawo amene mwawasankha. Pamenepo ine nditaya makasitomala, koma ndi bwino choncho.

Kusayankhaku kumabalanso maganizo oipa. Achinyamata ambiri amene ndimacheza nawo amakhulupirira kuti ntchito zolengezedwa zimakhala ndi eni ake kale, chilengezo n'chongokwaniritsa mwambo, ndipo popanda wachibale kapena kenakake kopereka sungalowe. Mabwana oona mtima zimenezi zimawapweteka, koma adzatsutsa bwanji ngati sanena kuti ntchito inatha liti ndipo anasankha motani? Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa tsankho ngakhale kwa munthu amene akungofunsira kumene ntchito, kaya chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ulumali kapena kuti ndi mkazi. Nanga munthu angadziwe bwanji kuti anasalidwa pamene sanauzidwe n'komwe kuti wakanidwa? Ofunsira ntchito m'boma ndi m'mabungwe ake ali ndi kokadandaula ku ofesi ya Ombudsman, koma nakonso munthu amafunika kupita ndi kanthu m'manja, osati kungoti ndinasiya envelopu pageti.

Pa kampeni ya 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Za malonjezo amenewo akambirane andale. Changa n'chaching'ono ndipo sichilira bajeti ya ku Nyumba ya Malamulo. Unduna wa zantchito uli ndi maofesi a leba m'maboma. Pakhoma la ofesi iliyonse pamatidwe mndandanda wa maejenti ovomerezeka, uziulutsidwanso pawailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kuti mwana asanatulutse ndalama akhale ndi poyang'ana. Ejenti wolandira ndalama kwa lova popanda ntchito yeniyeni azilandidwa chilolezo, dzina lake n'kulengezedwa. Boma lenilenilo, pokhala ndilo limalemba anthu ambiri, liyambe kusonyeza chitsanzo: aphunzitsi ndi anamwino amene anachita intavyu aziuzidwa tsiku lomvera zotsatira, ndipo likasintha aziuzidwanso.

Kwa bungwe la olemba anthu ntchito la ECAM, pempho langa ndi lakuti mugwirizane ndi mamembala anu pa zinthu zosavuta. Chilengezo chilichonse chizinena tsiku limene kusankha kudzathe, kuti likadutsa munthu adziwe kuti zake zada ayang'ane kwina. Amene wafika ku intavyu aziyankhidwa pasanathe mwezi, watengedwa kapena ayi. Ndipo mukaitana munthu kuchokera ku Blantyre, ku Karonga kapena ku Nsanje, mupatseni masiku okonzekera, osati kumuimbira madzulo kuti mawa m'mawa akhale ali ku Kanengo. Ngati simungamubwezere ya thiransipoti, muuzeni pafoni pomwepo asanakakongole.

Inu a Mkonzi, zilengezo zambiri zimadutsa m'nyuzipepala yanu. Bwanji osapatula kadanga kakang'ono sabata iliyonse, kaulere kapena kotsika mtengo, komwe makampani angamalengeze kuti malo aja adzazidwa? Ine ndidzadula kadangako n'kumakamata pakhoma la shopu yanga kuti ana aziwerenga asanandipatse ndalama yotumizira imelo yokumbutsa.

Ndine wanu,
Mayi wojambula mapepala,
Limbe