Amayi a Matenda a Khungu Lakumaliseche Asaiwalike pa Mliri

Akonzi,

COVID-19 itafika mu Zambia mu Marichi 2020, anthu ambiri ankaopa kupita kuchipatala. Mliri wina ukadzabwera, amayi odwala matenda a khungu lakumaliseche otchedwa lichen sclerosus tisadzawasiye.

Matendawa si opatsirana pogonana. Khungu lakumaliseche limayera, limapyapyala, limang'ambika, ndipo limayabwa kwambiri usiku. Ambiri amangoti ndi mauka, n'kumagula clotrimazole yemwe sathandiza chifukwa vuto si mafangasi. Mankhwala ake ndi mafuta a clobetasol 0.05%: kamodzi patsiku mwezi woyamba, kudumpha tsiku mwezi wachiwiri, kawiri pasabata mwezi wachitatu. Chubu cha magalamu 30 chimakwana miyezi itatuyo. Mayi akasiyira panjira, kuyabwa kumabwerera, zipsera zimachepetsa njira yakumaliseche, kukodza ndi kugonana kumapweteka. Sopo asafikepo, madzi okha ndi Vaseline.

Tikupempha a zaumoyo kuno kum'mawa: monga amaperekera ma ARV a miyezi ingapo, mayi wa ku Chadiza kapena Lundazi apatsidwenso chubu chake pakiliniki yapafupi. Koma chilonda chosapola kapena chotupa cholimba sichodikira mliri uthe, chifukwa ikhoza kukhala khansa. Mayi woteroyo atumizidwe ku Chipata Central Hospital msanga.

Ife anamwino okhudzidwa,
Chipata