Kuno njati zimakokedwa ndi ana

Kampong Chhnang, Cambodia
Okutobala

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse pamodzi ndi agogo ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti sabata yatha ndinavumbwa pochokera kusukulu n'kudwala chimfine, koma chatha. Ndalama ya feteleza ndatumiza pafoni ya achimwene. Pafoni sitimvana bwino chifukwa kuno kumacha msanga ndi maola asanu, ine ndikamaweruka inu muli kudimba. Ndiye ndati ndilembe, mphwanga akuwerengereni madzulo pakhonde.

Achimwene andiuza kuti mukufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri zapangolo zija kuti mugule njinga yamoto ya kabaza. Ndili nawo mawu pankhaniyo, koma mundilole ndiyambe ndi njati.

Bambo, munkatiuza tili ana kuti chilombo choopsa m'tchire si mkango, ndi njati yovulala. Mawu amenewo ndinabwera nawo kuno. Tsiku langa lachiwiri m'mudzi muno ndinkapita kusukulu kumene ndimaphunzitsa Chingerezi, ndikuyenda pa kamzere kadothi kolekanitsa minda ya mpunga. Ndinangoona chinyama chotuwa chili poteropo, nyanga zotambalala mkono uku mkono uku. Chinakweza mphuno n'kuyamba kufwenkha. Ine osafunsa, ndinadziponya m'munda. Matope mpaka m'mawondo, nsapato imodzi inatsala komweko. Podzuka ndinaona kuti chingwe cha chilombocho chagwiridwa ndi kamtsikana kosafika zaka 8, kakundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako kanaseka mpaka kukhala pansi. Ndinabwerera kunyumba ndi misundu iwiri pamwendo, agogo a pakhomo pano anachita kuithira mchere. Mpaka lero ana akandiona amakuwa kuti "lok kru", kutanthauza aphunzitsi, n'kuloza njati kuti ndithawe.

Amazitcha krabei. Si mtundu umodzi ndi za ku Liwonde kapena ku Kasungu zija, zomwe palibe anaziwetapo. Izi ubweya ndi wapatalipatali, nyanga zimakhotera kumbuyo, ndipo amaziboola mphuno n'kulowetsa chingwe ngati ng'ombe zathu. Sazikama. Ntchito yake ndi kulima m'matope momwe ng'ombe ingatitimire, ndi kukoka ngolo.

Ndimachita lendi chipinda kwa agogo awiri amene akulera adzukulu atatu. Mayi wa anawo amasoka zovala m'fakitale ku Phnom Penh, likulu la dziko lino, bambo wawo amamanga nyumba ku Thailand, ndipo makomo ambiri m'mudzi muno ndi otero: nkhalamba ndi ana basi. Nyumba ndi zapansanja, zokwera ndi makwerero, chifukwa cha madzi. Njati ziwiri ndi kamwana kake zimagona pansi pa nyumba, kumbali. Madzulo agogo aamuna amasonkha moto wa mapesi a mpunga onyowa kuti utsi uthamangitse udzudzu. Utsiwo umakwera kudzera m'mipata ya matabwa, moti malaya anga onse amanunkha khola. Ndazolowera. Usiku ndimamva zikubzikula pansi pa bedi langa.

Sukulu yaboma kuno amalowa mosinthana, ena m'mawa kuyambira 7 koloko mpaka 11, ena masana kuyambira 1 koloko. Ndiye mnyamata wamkulu, wa zaka 11, amaphunzira m'mawa, mlongo wake uja anandiseka amaphunzira masana, ndipo chingwe amapatsirana pa nkhomaliro. Wina akuvula malaya oyera, wina akuvala. Nyengo ino ndi yovuta kwa abusa chifukwa paliponse ndi mpunga, busa palibe. Njati ikangozemba n'kudya mpunga wa mwini, ndi mlandu ngati kwathu. Choncho amaimangirira pachikhomo m'mbali mwa msewu, iwo n'kumamweta udzu ndi chisikilo m'mizere ya minda, kudzaza matumba, kumanga panjinga yoti mwanayo sakwanitsa n'kufikira pachishalo pomwe. Akakolola, cha mu Disembala ndi Januwale, ndiye amazitayirira m'ziputu.

Dzuwa likafika paliwombo njati siimva za munthu. Khungu lake silituluka thukuta lokwanira, ndiye imafuna chithaphwi, n'kumira yonse kungotsala mphuno ndi nyanga. Akakowa amatera pamsana. Nthawi imeneyo ndiyo ya ana. Amakumba nkhanu m'mbali mwa minda, kutola nkhono zam'madzi, kugwira achule ndi tinsomba, ndipo zimenezo ndizo ndiwo za madzulo. Mayi, musandifunse, nkhono ndalawa. Chomwe chinandivuta ndi prahok, nsomba zothira mchere zosungidwa mumtsuko miyezi mpaka kununkha, zomwe amathira pafupifupi m'ndiwo iliyonse. Ndikamadya ndimaganiza za usipa wotendera.

Chakumadzulo amakazisambitsa. Mnyamata uja amazikwecha ndi udzu kuseri kwa makutu, njati itatsinzina ngati nkhalamba yometedwa. Pobwerera amagwira mchira, kuponda pamwendo wakumbuyo, wakwera. Amabwera atagona chafufumimba pamsana, nsalu yake yotchedwa krama ili kumutu. Ine ndimaima pamakwerero kumuyang'ana, n'kukumbuka ife kudambo ku Bwanje, malegeni m'khosi, tikuumba ng'ombe zadothi mpaka zenizeni zitalowa m'munda wa a mfumu. Chikwapu cha tsiku limenelo, Bambo, sindinaiwale.

Madzi omwewo ndiwo amaopsa. Mtsinje wa kuno, Tonle Sap, nthawi ya mvula umabwerera chakumtunda chifukwa mtsinje waukulu wa Mekong umadzaza n'kuukankha, ndipo madzi amasefukira kutali m'minda. Pamene dzulo panali pofika m'chiuno lero pamiza munthu. Njati imasambira bwino, mwana wamng'ono ayi. Agogo aakazi kukamada amayamba awerenga ana, njati pambuyo.

Posachedwapa kunali Pchum Ben, masiku 15 okumbukira makolo amene anamwalira, pomwe anthu amapereka chakudya kwa amonke achibuda kukachisi. Mayi wa anawo anabwera masiku atatu. Kamng'ono kaja tsiku loyamba kanamukana, kanakabisala kuseri kwa agogo ake. Zinandikhudza, mukudziwa chifukwa chake. Tsiku lomaliza tinaonera pafoni mpikisano wa njati wa kumudzi wa Vihear Sour, m'chigawo cha Kandal. Amaziveka nsalu zowala kumutu ndi kunyanga, anyamata n'kukwera popanda chishalo, liwiro lake losayembekezeka kwa chinyama chaulesi chonchija. Mnyamata wathu usiku umenewo sanagone, akuti akadzakula adzapita ndi yake.

Kaya adzaipeza. Njati zikutha m'midzi muno. Anthu akugula kathirakitala koyendetsa ndi manja, ka mawilo awiri, komwe amakatcha kouyon, ng'ombe yamakina. Oyandikana nafe anagulitsa njati zawo zonse, kuwonjezera ndi ngongole, n'kugula. Sindinama, munda womwe njati imatha masiku angapo iko kamamaliza tsiku limodzi, ndipo ana awo ndiwo sajomba m'kalasi mwanga madzulo, pamene mnyamata wathu amabwera mochedwa, udzu uli m'tsitsi, n'kumasinza. Zimenezo ndimaziona ndipo zimandiwawa. Koma ndimaonanso wangongole akubwera panjinga yamoto mwezi uliwonse, mpunga ubereke usabereke. Makinawo atawonongeka mu Julayi, nthawi yowokera, anabwera kudzabwereka njati pakhomo pano.

Agogo aamuna amati sangagulitse. Iwo anali mwana nthawi ya ulamuliro wa Pol Pot, 1975 mpaka 1979, pamene munthu sankaloledwa kukhala ndi chiweto chakechake, ndipo ana ankalandidwa kwa makolo n'kukagwira ntchito m'magulu. Iwo ankatola ndowe ndi kudyetsa ziweto za gulu ali ndi njala. Salankhula zambiri za nthawiyo. Amangosisita njati yaikazi ija n'kundiwerengera pazala: inabereka kanayi, mmodzi analipira chipatala, wina anafolera nyumba ndi malata.

Ndiye pempho langa ndi ili, Bambo. Njinga sindikuikana, achimwene akufunika pogwira. Koma ng'ombe zija musagulitse mvula ili pafupi chonchi, mungadzalipire aganyu ndalama yomwe mulibe, manyowa n'kusowanso. Dikirani mpaka Epulo. Kuno sukulu imatseka pa chaka chatsopano cha Akhmer, eni dziko lino, mwezi umenewo, ndipo ndikalandira ndalama yanga ndidzatumiza theka la mtengo wa njinga, theka linalo tione pa mpunga mukakolola. Chinanso, mwana wa achemwali uja asamajombe chifukwa cha ng'ombe. Kambiranani ndi a malume kuti azisinthana ndi ana awo, monga amachitira anzake kuno.

Mayi, nsalu ya krama ndakugulirani yofiira, ndikusunga. Mphwanga andijambulire ng'ombe yakuda ija pamodzi ndi ngolo, chifukwa ana a kuno sakukhulupirira kuti kwathu njati timaithawa. Moni kwa agogo, a zakhali ndi onse a kumpingo.

Ndine mwana wanu.