Amayi, ndalama za mwezi uno zaperewera, chifukwa chake nachi

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ku Delhi ndili bwino, kungoti dzuwa la mwezi wa Meyi likuwotcha ngati ng'anjo, madzi a pampopi masana akumatuluka ofunda ngati achita kutereka pamoto. Ntchito yomasulirira odwala a kwathu obwera kudzalandira chithandizo ikuyenda.

Ndiyambe ndi kupepesa. Ndikudziwa kuti mumafuna kugula chimanga pano mtengo usanakwere, ndiye ndalama zabwera zochepa. Sindinazidye ayi. Ndamubwereka mnzanga uja ndinakuuzani, wa chipinda choyandikana ndi changa, amene anandisamala nditadwala chaka chatha. Ndimamutcha Didi, ndiko kuti achemwali m'chiyankhulo cha kuno.

Didi anakhala pabanja zaka 9. Kuno ambiri ukwati wawo ndi wa chitengwa, mkazi amakakhala nyumba imodzi ndi apongozi. Anali telala, koma atangolowa m'banjamo anamuuza kuti mtengwa wa pakhomo pawo sasokera anthu a mumsewu, makina nkuwagulitsa. Chaka chathachi mwamuna anakasuma kuti banja lithe. Didi anatuluka ndi mwana wake wamkazi ndi sutikesi imodzi. Ngakhale zibangili ndi ndolo zagolide zimene makolo ake anam'patsa paukwati, zomwe kuno amati stridhan ndipo mwalamulo ndi zake, zinatsala mu kabati ya apongozi.

Tsono taganizani, Amayi. Mwamuna ali ndi sitolo, ali ndi loya, akugona pakwawo. Mkazi alibe ya lendi, alibe ya basi yopitira kukhoti komweko. Mlandu wotere ukhoza kutha zaka. Amene ali ndi chakudya amangouchedwetsa dala kuti winayo njala imugonjetse, asayine chilichonse chimene apatsidwa. Ndinkaona ngati Didi athera pomwepo.

Koma lamulo la maukwati a Ahindu, Hindu Marriage Act la 1955, lili ndi gawo 24 lothana ndi zimenezi. Limati pamene mlandu uli m'kati, amene alibe ndalama zokwanira zodzisamalira ndi zoyendetsera mlanduwo akhoza kupempha khoti kuti mnzakeyo azim'patsa ndalama mwezi ndi mwezi, komanso amulipirire zofunika pamlandu. Inde, mwamuna yemwe wakusumirayo ndi amene amalipira loya wako. Lamuloli silisankha: mwamunanso ngati ndi iye wosowa, mkazi ali ndi chuma, akhoza kupempha. Limakhudza Ahindu, Asikh, Ajain ndi Abuda. Asilamu ndi Akhristu ali ndi malamulo awo. Limanenanso kuti pempholi liyenera kuweruzidwa, ngati nkotheka, pasanathe masiku 60 winayo atalandira chidziwitso. Za mwana zili m'gawo 26, ndipo za ndalama zokhazikika banja likatha zili m'gawo 25.

Chimene chinamupulumutsa Didi kwenikweni ndi mapepala. Mu Novembala 2020, khoti lalikulu la dziko lino, pa mlandu wa Rajnesh ndi Neha, linalamula kuti pa nkhani zotere onse awiri azipereka chikalata cholumbirira chofotokoza zimene amapeza, katundu wawo ndi ngongole zawo, pamodzi ndi mapepala a kubanki a zaka zitatu ndi a msonkho. Usiku wina magetsi atazima tinakhala pansi ndi tochi ya foni, tikusanja malisiti omwe Didi ankasunga m'chitini cha mabisiketi: fizi ya mwana, yunifolomu, gasi wophikira, mankhwala a chifuwa, lendi. Ena anali atafufutika moti timachita kuwapendeketsa kuti tione manambala. Iye akuwerenga, ine ndikulemba m'kope. Atafika pa lisiti la nsapato za mwana anangokhala chete, misozi ili chuchuchu, chifukwa ndi tsiku limene anagulitsa mphete yake yomaliza.

Mwamunayo analumbira kuti sitolo ndi ya bambo ake, iye ndi wantchito chabe wolandira tindalama tochepa. Koma mapepala a kubanki anaonetsa kuti mwezi uliwonse amalipira ngongole ya galimoto yoposa malipiro amene anatchulawo. Loya wake ananenanso kuti Didi ndi telala, manja ali nawo, adzidyetse yekha. Apa mtima unandipweteka, chifukwa omwewo ndi amene anamulanda makina. Mwamwayi makhoti a kuno amasiyanitsa munthu woti angathe kupeza ndalama ndi munthu amene akuzipezadi, ndipo amaganizira zaka zimene mkazi wataya akusamala pakhomo. Amayang'ananso moyo umene ankakhala ali m'banja. Mu 2017 khoti lalikulu lomwelo linaona kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro a mwamuna linali loyenera pa mlandu wina, koma si muyezo wa aliyense, jaji amaona mlandu ndi mlandu.

Jaji analamula kuti mwamuna azipereka ndalama za Didi ndi za mwana pamwezi, kuphatikizapo za loya. Ndipo zikuwerengedwa kuyambira tsiku limene Didi anapereka pempho lake, osati tsiku la chigamulo, kotero kuchedwetsa konse kuja kwasanduka ngongole pamutu pa mwamunayo. Mpaka lero wangopereka za mwezi umodzi. Loya akuti abwereranso kukhoti, chifukwa khoti likhoza kugwira katundu wake, ngakhale kukana kumva mbali yake pamlandu ngati akuchita dala. Koma mwini nyumba sadikira zimenezo, ankafuna lendi pofika pa 5. Ndi mmene ndalama zanu zinapitira.

Amayi, masiku onsewa maganizo anga ali pa mng'ono wanga. Chichokereni alamu aja wakhala akungoti ankhoswe akambirana, ankhoswe akambirana, ana atatu akudya pakhomo panu. Ine sindikunyoza ankhoswe, amalume achita mbali yawo. Koma miyezi 14 yakwana. Malamulo a kuno si a kwathu, komabe kwathunso kuli lamulo la maukwati ndi mabanja la 2015, kuli khoti la majisitireti, kulinso a Legal Aid Bureau othandiza osowa ndalama ya loya. Mumuuze kuti kupempha chithandizo cha ana si kuchititsa manyazi mtundu. Ayambe lero kusunga lisiti lililonse, la kusukulu, la kuchipatala, ndi mauthenga a pafoni amene alamuwo amalonjeza kutumiza ndalama. Asafufute ngakhale umodzi. Ya thiransipoti yopitira kuboma ndidzatumiza ine.

Zotsalazo ndikutumizirani kumapeto kwa mwezi ndikalandira, kaya Didi wabweza kaya sanabweze. Pakali pano gulani thumba limodzi. Mundiperekere moni kwa agogo, muwauze kuti mafuta opaka m'maondo aja ndawapatsira mayi wina amene akubwerera kumudzi sabata yamawa.

Ndine mwana wanu wokukondani.