Musanapereke dipoziti ya galimoto yoitanitsa ku fakitale

A Mkonzi,

Tiloleni ife oombola katundu tilankhule ndi anthu amene akuitanitsa galimoto zikuluzikulu zapamwamba kuchokera ku fakitale, monga Land Cruiser 300, Lexus LX, Range Rover, BMW X5 kapena Mercedes GLE. Ambiri amalonjezedwa miyezi itatu, koma chaka n'kutsala pang'ono kutha galimoto osaoneka. Nthawi zambiri sikuti wogulitsa wanama dala, koma amangowerenga masiku a sitima yapamadzi, pamene kuchedwa kwenikweni kumachitika galimoto isanapangidwe komanso itatsika kale padoko.

Dipoziti imakugulirani malo pamzere wa kufakitale basi. Fakitale imagawira dera lililonse chiwerengero chake cha galimoto, ndipo msika wathu ndi waung'ono, sutsogozedwa. Land Cruiser 300 itatuluka mu 2021, a Toyota anafika popepesa kwa ogula a ku Japan komweko kuti ena adikira mpaka zaka zinayi. Choncho pemphani kuti akulembereni nambala ya oda ndi mwezi umene galimotoyo ipangidwe. Kenako dikirani nambala ya chasisi, VIN, yomwe imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Ngati VIN sinatuluke, galimoto yanu kulibe, ndipo tsiku lililonse limene mwauzidwa ndi longoganizira. Kumbukiraninso kuti mafakitale ambiri a ku Ulaya amatseka kwa masabata angapo cha mu Ogasiti, ndipo a ku Japan amapuma kumayambiriro kwa Meyi, pakati pa Ogasiti ndi pa chaka chatsopano.

Funsani komwe galimotoyo imapangidwira, chifukwa dzina limanamiza. X5 imachokera ku Spartanburg ku America, GLE ku Alabama, Range Rover ku Solihull ku England, pamene Defender imapangidwa ku Nitra ku Slovakia. Njira ya sitima imayambira kumeneko.

Apa tikhalitsepo, pa zimene mumasankha. Oda iliyonse ili ndi tsiku lotsekera. Mukasintha penti kapena chikopa cha mipando tsikulo litadutsa, mutha kubwezedwa kumbuyo kwa mzere. Penti wapadera ndi zokongoletsa zosowa zimachedwetsanso, poti chipangizo chimodzi chikasowa galimoto yonse imaima. Koma zimene zimatidetsa nkhawa kwambiri ndi zosankha zosagwirizana ndi kuno. Malimu a mainchesi 22 amaoneka bwino pa City Centre, koma tayala lake ndi lopyapyala m'mbali; likagwera m'dzenje limodzi pa M1 limatupa kapena limu imasweka, ndipo lina simulipeza msanga. Tengani a 18 kapena 20. Onetsetsani kuti muli sipeya yeniyeni yofanana ndi matayala enawo, chifukwa zambiri za ku Ulaya zimabwera ndi kabotolo komatira pankichala ndi kapampu basi. Ngati mtunduwo uli ndi thanki yachiwiri, itengeni. Amene anagonapo pamzere wa mafuta safuna kuuzidwa chifukwa chake.

Injini ya dizilo yopangidwira msika wa ku Ulaya imafuna mafuta oyera kwambiri, a sulfure wosapitirira magawo 10 pa miliyoni (10 ppm). Ili ndi sefa ya mwaye, DPF, yomwe imadziyeretsa pokhapokha galimoto ikayenda mtunda wautali itatentha. Kungoyenda kuchoka ku Area 47 kupita ku Capital Hill tsiku ndi tsiku kumaitseka, galimoto n'kuyamba kufooka. Imafunanso AdBlue, madzi apadera ochepetsa mpweya woipa mu utsi, ndipo ikatheratu injini imakana kulira. Pemphani yopangidwira msika wa kum'mwera kwa Africa, ya chiwongolero chakumanja, ndipo alembe zimenezo pa oda. Funsaninso ngati pali galaja kuno yovomereza chitsimikizo cha fakitale. Galimoto yodzera kwa munthu wapakati nthawi zina imakanidwa, ndipo sasipenshoni ya mpweya ikabooka mumadzilipirira nokha.

Pa sitima pali njira ziwiri. Pa RoRo galimoto imayendetsedwa kulowa ndi kutuluka m'sitima. Ndi yotchipa, koma imagwiridwa ndi manja ambiri. Kontena ndi yodula, koma imatsekedwa ndi chidindo. Pa galimoto ya mtengo wotere ife timasankha kontena, ndi inshulansi yofika mpaka ku Lilongwe, osati yothera padoko. Kuyambira kumapeto kwa 2023 sitima zambiri zakhala zikupewa Red Sea n'kumazungulira ku Cape, zomwe zimasokoneza masiku ofikira.

Kuchokera ku Dar es Salaam galimoto imalowera pa Songwe n'kukwera Chiweta, ulendo wa makilomita opitirira 1,400. Beira ndi pafupi, kudzera ku Tete ndi pa Dedza, koma nyengo ya mvula njirayi siyodalirika. Namondwe wa Idai anaononga mzinda wa Beira mu Marichi 2019. Durban ndi kutali, makilomita opitirira 2,000, ndipo pali mzere wa pa Beitbridge. Musalole kuti galimoto yatsopano iyendetsedwe ndi dalaivala mtunda wonsewo. Ikwezedwe pa thiraki yonyamula galimoto.

Chimene chimachedwetsa ambiri kuno ndi ndalama zakunja. Galimoto imatha kukhala yokonzeka koma banki isanapeze madola, ndipo wogulitsa satulutsa bill of lading, chikalata cha sitima chotengera katundu padoko, asanalandire zake. Masiku aulere padoko akatha, lendi yosungira imawerengedwa tsiku lililonse, m'madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali pamzere anaona mtengo ukulumpha. Pamgwirizano palembedwe ndalama imene mtengo waikidwira, amene adzasenze kusiyanako kwacha ikagwa, ndi zimene zidzachitikire dipoziti yanu tsiku likadutsa.

Msonkho wa MRA umawerengedwa pa mtengo wa galimoto, wa sitima ndi wa inshulansi pamodzi, pa mtengo wa dola wa nthawi yoombolera, osati wa tsiku limene munapereka oda. Pali dyuti, excise yomwe imakwera ndi kukula kwa injini, ndi VAT pamwamba pake. Chokongoletsa chilichonse chimene mwawonjezera chimakwezanso msonkhowo. Mapepala apite kwa ajenti woombola galimotoyo sitima isanafike, ndipo ayerekeze VIN ya pa invoyisi ndi ya pa bill of lading. Chilembo chimodzi chikasiyana, apolisi ndi a Road Traffic sangailembetse mpaka chikonzedwe kumene inachokera. Polandira, musasayine musanaone makiyi onse awiri, jeke, sipeya, ndi denga ngati silinakandike.

Oombola katundu,
Kanengo, Lilongwe